Atelala pa Msewu Waukulu

Atelala anagula galimoto imvi zitamera kale. Moyo wawo wonse unathera pakhonde la sitolo ya nsalu, tepi ili m'khosi, choko kukhutu, mapazi akupalasa makina. Ankadziwa chiuno cha aliyense m'deralo, ngakhale cha anthu okoka mimba poyezedwa.

Vuto linali phazi. Likangokhudza chopondera linkayamba kupalasa lokha, galimoto n'kumadumpha ngati chule.

"Bambo, pano sitikusoka," ankatero mphunzitsi wawo atagwiritsa chitseko. "Pondani kamodzi, phazi likhale phee."

Laisensi anaipeza, koma msewu waukulu wa mizere itatu, umene magalimoto amadutsa ngati mphepo, ankaulambalala. Anaulowa tsiku limene anachedwa kumaliza diresi ya mkwatibwi, poti njira yachidule yopita kutchalitchi inali yomweyo. Akazi awo anakhala pambali, diresi ili pamiyendo.

Atafika polowera anaima, malole akungodutsa.

"Ayambe adutsa akuluakuluwa," anatero.

Kumbuyo mahutala anali pokopoko.

"Bambo, mphunzitsi uja ankati chiyani?" anafunsa akazi awo.

"Ankati ndiwonjezere liwiro lifanane ndi la anzanga, ndiyang'ane pagalasi, ndiyatse indiketa, ndilowe pampata."

"Nanga mukudikira kuti wina anene odini?"

Mpata utapezeka analowa, thukuta lili kamukamu. Anagwira mzere wa oyenda pang'onopang'ono, kutsogolo atasiya danga lalikulu. Zinkayenda bwino mpaka anaona chikwangwani chotsatsa malonda, chokhala ndi mwamuna wovala suti.

"Mayi, taonani manja a jekete iyo! Anasoka ndani zimenezi?"

Pamene maso ankabwerera pamsewu, potulukira pawo anali atapapitirira. Dzanja linapita pagiya.

"Mukutani?"

"Ndibwerere pang'ono. Msoko ukakhota timaphwasula."

Akazi awo anawagwira dzanja zolimba. "Kumbuyoku kuli lole. Mukufuna diresi iyi ndivale ine pamaliro anu? Tiyeni, tikatulukira kutsogolo."

Kutsogoloko kunali kutali. Atelala ankadandaula njira yonse kuti mbiri yawo yathera pompa, koma chiwongolero sanachisiye, ndipo zikwangwani za malonda ankazidutsa ngati apongozi.

Kutchalitchi anapeza kwaya itabwereza nyimbo mpaka mawu kusasa. Mkwatibwi anali m'kachipinda kakumbuyo, maso ali psuu. Sankalirira diresi ayi. Mkwati ndiye anali asanafike.

Anafika pambuyo pake pa galimoto yokoka zinzake zowonongeka. Mlamu wake, amene ankamuyendetsa ndipo ankadzitama kuti msewuwo ndi pabwalo pake, anayandikira kwambiri basi ina, basiyo itamanga mabuleki iye n'kuiwomba kumbuyo. Palibe anavulala, koma buluku la mkwati linang'ambika kumatako potsika.

Atelala analizungulira, napukusa mutu. Silinali losoka iwo.

"Za m'sitolo izi," anatero, akusolola singano pakolala. "Tawerama, mwana wanga. Ndipo usatsokomole."