Unkhoswe Umene Ndinaukana

Ine ntchito yanga ndi kudulira tiyi. Za mafoni sindizidziwa. Ndinazilowa chifukwa cha mwana wa mlongo wanga, amene anabwera ndi nkhani yoti wapeza mwamuna, ndipo ine monga malume ndikhale nkhoswe.

Mwamunayo ankagulitsa machaja a mafoni ku Luchenza. Madzulo akatseka, ankaimika foni n'kumalankhula, anthu akumuonera nthawi yomweyo n'kumalemba maganizo awo m'munsi. Amati layivi. Mtsikanayo anandionetsa tili pakhonde.

Pakamwa anali napo. Ankadzudzula akapitawo, abusa, oimba, ngakhale azimayi ogulitsa nthochi pasiteji. Wina akadandaula, iye ankati, "Wokana kudzudzulidwa ndiye kuti ali ndi chobisa."

Ndinafunsa kuti, "Nanga omudzudzula iyeyo ali kuti? Onsewa akungomutama."

Mtsikanayo anayang'ana pansi. Kenako anati, "Amalume, zoipazo ndimafufuta ndine. Anandipatsa ntchito imeneyo. Wolimbikira timamutsekera kuti asalembenso."

"Wafufuta zotani posachedwapa?"

Anati mayi wina wa ku Chimaliro analemba za mlongo wake, kapitawo amene mwamunayo anamunena kuti amabera anthu pasikelo. Kapitawoyo anasiya ntchito kalekale, ali kumudzi, akudwala. Mayiyo sanatukwane. Anangopempha kuti bodzalo likonzedwe. Mwamunayo anamutsekera.

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinawauza kuti apepese. Anakhala masiku osandiyankhula."

Lamlungu lina mwamunayo anabwera kudzandiona, atanyamula shuga. Anagwada bwino, ulemu wonse. Sindinadziwe ngati ulemuwo ndi wake kapena wobwereka. Foni anaiika pantchafu, ine n'kumangoiyang'ana. Ndinamuuza kuti aithimitse. Anaseka n'kuthimitsa, kapena anachita ngati wathimitsa.

Ndinati, "Ntchito ya nkhoswe ndi kuuza munthu pamene walakwa. Ndiyamba lero. Mayi wa ku Chimaliro uja munamulakwira."

"Amalume, amenewo ndi ansanje basi. Pa intaneti pali anthu otumidwa."

"Akapitawo mumawanena aja akati wansanje ndinu, mumawayankha bwanji?"

"Zimenezo n'zosiyana, amalume."

"Zasiyana pati?"

Anakanda m'mutu. Kenako anati, "Ndamva, zikomo kwambiri. Malangizo a akulu ndi mankhwala." Mawuwo anatuluka msanga, ngati anabwera nawo m'thumba.

Patapita masiku, mnzanga wina kuntchito anandiitana pa nthawi yopuma kuti ndimve za pafoni yake. Anali mwamuna uja. Ankanena za madala ena a m'maesiteti, osafika sitandade 8, amene amatsekereza achinyamata otsogola. Dzina sanatchule. Koma anatchula mpeni wodulira tiyi, ndi shuga amene madalawo amalandira kaye asanayambe kunyoza. M'munsi onse ankaseka. Wotsutsa panalibe, ndipo ndinadziwa chifukwa chake.

Shugayo ndinamubweza pa kabaza. Mlongo wanga ndinamuuza kuti unkhoswewo sindiuvomera. Tsiku limene mwanayo adzalire m'banjamo, ine ndikadzapita kukalankhula, ndidzapeza chitseko chotseka, mawa lake dziko lonse likundiseka. Mlongo wanga anati ndikumuthawitsira mwana mwayi. Mwina.

Mtsikanayo sanakangane nane, koma moni wake wafupika. Ukwatiwo mpaka lero sunachitike. Ndamva kuti akufunafuna nkhoswe ina kwa achibale athu a ku Nsabwe. A ku Nsabwewo ndawauza zimene ndinaona. Zotsalazo n'zawo.