Anasewera Chesi Ataimirira

"Wagonjanso? Ndiye miyendo yatupa chonchiyi yatupira chiyani?"

"Munandiphunzitsa theka, malume! Munati nkhondo imayambira pakati. Mzungu uja amayambira m'mbali."

"Ife ku Bama tinkayambira pakati!"

"Kuno n'ku Tsangano, si ku Bama."

Okanganawa anali Paison ndi amalume ake, a Goliati, msilikali amene anabwerako kunkhondo ya ku Bama ndi chifuwa chosatha komanso masewera a chesi. Paison anali wamasiye. Mayeso a Sitandade 6 atamukana, analowa ntchito ya m'nyumba kwa mzungu wina wa zamalimidwe.

Mzunguyo ankasowa wosewera naye, ndiye madzulo aliwonse ankamuitanira Paison pakhonde. Koma tamvani chipongwe chake! Bwana pampando, tiyi pambali. Paison chiimire, manja kumbuyo, kuwerama pokhapokha posuntha. Mpando wachiwiri unalipo ndithu. Pankagona galu.

"Tsiku udzandigonjetse, boyi, udzapemphe chimene ufuna," ankatero bwanayo akuseka.

Sankaseka pachabe. Iye akakankha kamsilikali ka kutsogolo kwa bishopu, Paison ankathamangira komweko ngati wopirikitsa anyani m'mphepete mwa munda, pakati n'kusiya pululu. Posakhalitsa mfumu yake inkapezeka yapanikizidwa.

"Siya ntchitoyo, tizikalima mbatata," anatero a Goliati. "Kapena ukapambana upemphe njinga."

Paison ankaganiza zina. Galu uja ankamuwotcha mtima, koma akanachinena bwanji asanapambane?

Anajambula bwalo la chesi ndi khala kuseri kwa khitchini, miyala ndi zitsononkho n'kukhala asilikali.

"Khalani mzungu, malume. Yambirani m'mbali."

"Ine mzungu? Ndithire tiyi kaye, boyi!"

Anaseka, koma anagwira ntchito. Paison analeka kuyesa chilichonse chobwera m'mutu. Njira iliyonse ya bwana anaisankhira yankho lake n'kulibwereza mpaka zala zinaloweza. Bwana akayamba ndi kamsilikali ka bishopu, iye ankakankha ka mfumu n'kulanda pakati. Akayamba ndi hatchi, iye ankakankha ka mfumukazi. Akabisa bishopu pakona kuti azilasa chapatali, iye ankamanga mpanda wa asilikali, bishopuyo azingoona khoma.

Kodi anapambana mawa lake? Ayi. Anagonjabe dzinja lonse, miyendo ikuwawa, galu akuliza mkonono. Koma masewera anayamba kutalika. Tiyi anayamba kuzizira osamwedwa. Kuseka kuja kunatha.

Tsiku lina mbatata zitayamba kukumbidwa, bwana anayambira m'mbali monga mwa masiku onse. Paison anakhala pakati osasunthika. Bishopu anakanirira pakona, hatchi inagwa, ndipo mfumu ya mzungu inasowa kothawira.

Inu amene mayeso anakukanani, inu amene mukuseweretsedwa mutaimirira, mverani: amene amakulowerani m'mbali musamuthamangire. Phunzirani njira zake, konzani mayankho anu, bwererani mawa. Mtima usagwe, ngakhale miyendo itatupa!

Bwana anayang'ana bwalo nthawi yaitali, makutu ali psuu.

"Chabwino. Ukufuna chiyani? Njinga? Jekete?"

Paison anachotsa manja kumbuyo.

"Chotsani galuyo, bwana. Ndikufuna kukhala pansi."