Nyumba Yopanda Nkhokwe

Ku Malemia kuli bambo ena ofufuza za kaganizidwe ka ana. Ukangowatchulira mayeso a nzeru ochokera kunja, amavula magalasi n'kuyamba kukalipa. Chaka chino n'chachisanu akulembera akuluakulu a maphunziro kuti mayesowo akunamizira ana athu, koma kuli zii.

Chinawapsetsa mtima chinachitika mu 1968. Woyesa ana wina anaonetsa mtsikana wina, Lukiya, chithunzi cha nyumba.

"Chikusowa n'chiyani apa?"

"Nkhokwe, bwana."

Buku la mayesowo linkafuna chumuni chotulutsira utsi. Woyesayo analemba kuti mwanayo alibe mutu wa sukulu, ndipo sukulu ya Lukiya inathera pomwepo.

Chithunzicho bambowa anachikhoma pakhoma. Mlendo aliyense amamuonetsa n'kumufunsa, "Inu ophunziranu, dzinja likafika anthuwa adzadya chumuni?"