Madzi Ozizira a Mayi Thovu

Mayi Thovu anayamba kuchapa zovala za anthu ali kamtsikana, ndipo dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Manja awo anali otuwa, ong'aluka m'zala, zikhadabo zitadyeka ndi sopo. Mwamuna anawathawa mwana wawo wamkazi adakali kumsana. Sanamulire, anangogula beseni lachiwiri n'kulera mwanayo okha.

Ntchito yawo yomaliza inali kunyumba kwa bwana wina mwini malole, uja wosasowa pa wailesi, wokonda kugawira ana amasiye mabulangete makamera akakhalapo. Malo awo anali kuseri kwa khitchini: sinki yasimenti, mpopi wodontha, chingwe choyanikira ndi tebulo lositirapo. Apo mfumu anali iwo, ndipo anali ndi malamulo awo. Banga la mafuta limafuna madzi otentha. Magazi ayi. Magazi amafuna madzi ozizira ndi mchere, msangamsanga asanaume, chifukwa ukathira otentha amapsera pansalu osachokanso.

Ndipo magazi m'nyumba imeneyo sanali achilendo. Dona, mkazi wa bwanayo, ankabweretsa yekha mapilo ndi mabulauzi, atavala magalasi akuda m'nyumba momwe.

"Ndagwa m'bafa, mayi," ankatero.

Bafa lake linali lankhanza zedi, lodziwa kugwetsa munthu pokhapokha bwana akabwera ataledzera. Alongo ake a bwana ankadziwa. Oyandikana nawo ankangokweza wailesi. Mayi Thovu anayesapo kamodzi kumuuza kuti, "Adona, bwererani kwanu musanafe," koma dona anangoseka mozizira n'kufunsa ngati makatani auma.

M'mawa wina bwana anabwera yekha kuseriko, malo amene phazi lake linali lisanapondepo. Anaponya malaya oyera ndi nsalu yapabedi m'sinki.

"Kamfuno wandivuta. Adona apita kwawo. Chapani izi ziume lero."

Manja anachita zomwe anazolowera. Anatsegula mpopi, kuthira mchere, kunyika, kutikita. Pofika masana malaya anali mbee pachingwe. Patapita masiku, mtembo wa dona unapezeka m'galimoto yake m'ngalande kunja kwa tauni, ndipo adokotala ananena kuti mabala ake sanali a ngozi. Apolisi anabwera kudzatenga bwana mwaulemu, n'kumukhazika kumpando wakutsogolo wa galimoto yawo. Koma Mayi Thovu apolisiwo anawakweza kumbuyo, epuloni ili m'chiuno, pa mlandu wowononga umboni pofuna kubisa wakupha.

Mlanduwo unagwedeza dziko. Atolankhani ankadzaza khoti mpaka m'mawindo, ndipo m'maminibasi aliyense anasanduka woweruza. Bwana anabwera ndi gulu la maloya onyezimira nsapato, omwe anagwira mfundo imodzi: inde anamumenya, koma sanafune kupha. Anali ataledzera, anali atapsa mtima, anali ndi nkhawa za bizinesi, ndipo pobisa mtembo anali atasokonezeka mutu. Anaitana ngakhale dokotala wa maganizo kudzafotokoza za ubwana wake. Mtima wa bwana anautembenuza uku ndi uku, mofatsa, ngati dzira.

Mayi Thovu anapatsidwa loya waulere, bambo wotopa wonyamula milandu yambiri kuposa mphamvu zake. Anawaona kamphindi pakhonde, mwana wawo ataima pambali.

"Mayi, mvetserani. Akakufunsani, nenani kuti simunadziwe kuti ndi magazi. Nenani kuti munayesa msuzi kaya dothi."

"Ine osadziwa magazi? Bambo, ndakalambira m'beseni."

"Amayi, chonde, ingonenani choncho," mwana wawo anachonderera. "Mukamangidwa ine ndikhala ndi ndani?"

Anavomera ndi mutu, koma pamtima panawawa. Kunama sanakuzolowere, ndiye akayambire atagwira Baibulo pamaso pa anthu onsewo?

M'khoti, loya woimira boma anali munthu wa mawu osalala. Sanakalipe. Anawafunsa ngati mwana wofuna kuphunzira.

"Mayi, zovala za bwana mumachapa ndi madzi otani?"

"Ofunda, bambo."

"Nanga tsiku limenelo, wophika wa pakhomopo akuti munapempha mchere ndipo simunatereke madzi. Chifukwa chiyani?"

Loya wawo anaweramitsa mutu. Mwana wawo anagwira pakamwa. Mayi Thovu anayang'ana khoti lonse, anaona alongo ake a bwana atakhala kutsogolo ndi zipewa zawo, akudzikupiza ngati ali paukwati.

"Chifukwa anali magazi."

"Ndiye munadziwa?"

"Ndinadziwa kuti ndi magazi, sindinadziwe kuti munthu wafa! M'nyumba muja ndachapa magazi a adona zaka ndi zaka. Awo akhala apowo ankadziwa, afunseni! Ndani anabwera kudzandiuza kuti lero usachape, awa ndi omaliza?"

Khoti linachita phokoso, woweruza anamenya tebulo. Woimira boma anangomwetulira n'kukhala pansi. Anali atapeza chomwe ankafuna: mayiyu ankadziwa kuti bwana amamenya mkazi wake, anaona magazi ochuluka kuposa a kamfuno, anauzidwa kuti dona kulibe, n'kusankha madzi ochotsa magaziwo. Nyuzipepala za m'mawa mwake zinawatcha mfiti ya m'beseni. Alongo ake a bwana palibe anawafunsa kanthu, chifukwa kudziwa n'kukhala chete pampando wa sofa si mlandu.

Tsiku la chigamulo woweruza anawerenga nthawi yaitali za bwana. Anati panalibe umboni wokwanira kuti anali ndi cholinga chopha, choncho wapezeka wolakwa pa kupha mosafuna, ndipo popeza wakhala kale m'ndende podikira mlandu, zotsala n'zochepa. Atolankhani anathamangira panja kukaimba mafoni, mabenchi n'kutsala pululu. Za Mayi Thovu zinatenga kanthawi kochepa. Woweruza anati luso lawo lomwe likusonyeza kuti anachita modziwa ndi mwadala, ndipo anawalamula kukakhala kundende zaka ziwiri.

Wakupha sanafune, wochapa ndiye anafuna! Munthu amene anaphwanya mutu wa mkazi wake anamumvetsa mtima, koma amene anatsegula mpopi sanamufunse n'komwe ngati anali ndi mantha, kapena ngati wantchito angakane malaya a bwana wake.

Wapolisi wamkazi anawagwira pamkono kuwatulutsira khomo lakumbali. Pakhonde anaona mwana wawo atatsamira khoma, akulira mosatulutsa mawu. Mlongo wake wamkulu wa bwana anaima pafupi naye, akufufuza makiyi m'chikwama.

"Iwe, usalire, zaka ziwiri si kanthu. Kodi umatha kuchapa ndi kusita ngati amayi ako? Achimwene akatuluka adzafuna munthu pakhomo."

"Usayerekeze!" anakuwa Mayi Thovu, wapolisi akuwakoka. "Wamva, mwana wanga? Usayerekeze!"

Mwanayo anawayang'ana, kenako anayang'ana pansi. Kunyumba kunalibe wina womudyetsa. Chitseko chinatsekeka Mayi Thovu asanamve yankho lake, koma anali ataona kuti sanapukuse mutu.