Mkaka Wopanda Woyamwa

Lero mkaka wanyowetsa bulauzi yanga mwana ali m'tulo, ndipo fungo lake landibwezera m'chigafa cha fodya kwathu.

Ndinali wamng'ono pamene khanda la amayi linamwalira litangotha masiku awiri. Azimayi okhaokha anakaliika mwakachetechete. Anatiletsa kulira, ati kumatseka mimba. Bambo anali ku Boma, pamzere wa feteleza wa makuponi.

Ndinawapeza amayi okha akusoka fodya, malaya atanyowa pachifuwa.

"Amayi, mkakawo amwa ndani?"

"Mwanayo Mwiniwake wamutenga, mwanangu. Mayi wina m'Baibulo anapempha mwana, n'kukamubwezera yekha kwa Mulungu."

Singano ili m'manja, amayi anapitiriza kuti:

"Koma uja ankapita kukamuona chaka chilichonse."

Anadzipukuta ndi chitenje, n'kutola tsamba lina.