Njere za m'phulusa za Petronela

Petronela, mwana wa mlongo wanga, amasoka mayunifomu a sukulu pakhonde pake ku Chilomoni. Chaka china, pochokera kotola nkhuni ku Michiru, anabwera atamanga m'chitenje timitu touma ta maluwa akutchire, apinki aja omera okha m'mbali mwa msewu, amene ngakhale mbuzi imawadutsa osapereka moni. Tinamuseka. Pofika Pasaka bwalo lake linali litachita kuyaka, moti madalaivala a minibasi ankaiwala siteji, ndipo njuchi zina zinkakwera basi kuchokera ku Chikwawa.

Tsoka lake, kuseri kwa mpanda wakewo timakhalako ine ndi akazi anga aDoreen, amene kwa zaka zambiri maluwa a paguwa la tchalitchi pa Pasaka ankachokera m'zitini zawo. Chaka chimenecho amayi a mumphakati anasankha a Petronela. Nsanje inawaondetsa aDoreen mpaka mphete inkavuka yokha.

"Udzu! Paguwa la Ambuye, udzu!" ankatero, ngakhale potsuka mano.

Petronela, mtima wake wa nkhunda, anadikira mitu ya maluwa ide, n'kuifikisa m'lichero, n'kusakaniza njerezo ndi phulusa monga ankachitira amayi ake kumudzi. Anabweretsa botolo lodzaza.

"Anti, mudzafese mvula yoyamba. Feteleza ayi, amakonda dothi losauka."

Koma aDoreen anakulira ku Zingwangwa, mbewu amaidziwa ya m'paketi. Petronela atangotuluka, anandikoka malaya.

"Bambo a Obed, phulusa! Akufuna andiumitsire marozi anga."

"Phulusalo n'loingitsa tizilombo, mayi."

"Mukumuikira kumbuyo poti ndi magazi anu!"

Anakwera pampando n'kukhuthulira botolo lonse kuseri kwa mpanda. "Zibwerere kwa mwini wake!"

Zinabwereradi. Mvula itagwa zinamera mpanda wonse, mbali ya Petronela. Pasaka wotsatira maluwa anadzaza guwa, mawindo ndi khomo, wansembe tinkangomumva mawu okha.

Potuluka m'tchalitchi, Petronela anawagwira dzanja aDoreen. "Anti, zikomo pondifesera. Muli ndi dzanja labwino."

Kuyambira tsikulo ine ndinadya nyemba zosathira mchere mpaka Pentekoste.

Panopo tsinde limodzi lasuzumira kwathu pabowo la mpanda. ADoreen akuti sakuliona. Koma nkhuku zanga azitsekera m'khola, ndipo dzulo ndawapeza akusefa phulusa.