Anatiimitsa Nditanyamula Ukaristia

Ku parishi kwathu, wonyamula Ukaristia kupita kwa odwala sayankhula panjira. Kathumba ka Ukaristia kakakhala pachifuwa, ngakhale mnzako akupatse moni umangowerama. Anthu akuno amadziwa, sakhumudwa.

Lamulungu lina itatha Misa, bambo mfumu anandituma kwa mayi wina wokalamba wa mumphakati mwathu, chakufupi ndi Namadzi. Mwana wawo wamkazi anali atatumiza uthenga kuti mayi atha mphamvu, akupempha kulandira. Alamu anga, amene amachita kabaza wa njinga yamoto, anati andiperekeza.

Tinadzera msewu wafumbi wa m'minda ya nandolo. Pokhota pena tinapeza galimoto ya apolisi itabisala m'mabulugamu. Sanali apolisi akwathu amene timawadziwa nkhope. Anali a boma lina, kutsidya kwa mtsinje.

"Zimitsa!" anatero wamkulu wawo. "Njingayi nambala yake ili kuti?"

"Ndikukonza, bwana," anayankha alamu. "Koma inu si akutsidya? Kuno n'ku Chiradzulu. Malire anu ndi mlatho uja."

"Wayamba kutiphunzitsa mapu? Yunifolomu ilibe mlatho, achimwene. Tsika."

Kenaka anatembenukira kwa ine. "Nanga madala, m'kathumbamo muli chiyani?"

Ndinawerama, osayankha.

"Ndi osayankhula awa, kapena ndi mwano? Chamba chimenecho!"

"Anyamula Ukaristia, bwana, saloledwa kuyankhula," anatero alamu. "Kuli munthu akutsirizika uko. Tiloleni tikawatule, ndibwerera ndekha."

Wapolisiyo anatambasula dzanja kuti agwire chingwe cha kathumba. Apo ndinayankhula.

"Musakhudze. Muli Ambuye umu."

Anaseka mpaka kugwira bondo. "Ambuye akukwera njinga yopanda nambala? Nawonso tiwatenga!"

Kathumba sanakakhudze. Koma alamu anawamanga unyolo, akuti chifukwa chotsutsana ndi boma, njinga n'kuiponya kumbuyo kwa galimoto ngati mbuzi yakuba. Ponyamuka, wina anasuzumira pawindo. "Pitirizani wapansi, madala. Ambuye anuwo ankayendanso wapansi."

Ena anandiuza pambuyo pake kuti lamulo limalola wapolisi kugwira munthu paliponse m'dziko muno. Mwina n'zoona. Nawonso aja anapita kukagwira Ambuye m'munda, atanyamula miyuni ndi zibonga, anali ndi chilolezo cha akuluakulu. Koma anthu osiya msewu wawo wa tala, kumene magalimoto amapha ana, n'kudzabisalira amphawi m'mabulugamu a eni pa tsiku la Ambuye, ine sindiwatcha osunga mtendere. Ndi mimbulu. Alamu anatuluka m'chitokosi cha apolisi mawa lake, njinga inakhala kutsidyako mpaka nandolo anauma, ana awo akugona ndi njala.

Tsikulo ndinayenda mothamanga monga angathamangire munthu wa msinkhu wanga, dzanja lili pachifuwa. Nditafika ndinapeza amayi a mumphakati atakhala pakhonde, akuimba chapansipansi. Wodwalayo anali akupumabe, koma maso atatseka, nsagwada zitauma. Mwana wawo anayesa kuwadonthezera madzi ndi supuni, madziwo n'kutsikira patsaya.

"Mpaka masana amafunsa kuti, afika?" anatero mwanayo. "Kenaka anasiya kufunsa."

Ndinagwada, ndinawapempherera, ndinawalemba mtanda pamphumi. Munthu wosameza sapatsidwa Ukaristia. Anamwalira dzuwa lisanalowe, ine ndili panjira yobwerera ku tchalitchi, Ambuye amene anawapempha ali pachifuwa panga.